Singano Imene Sinali pa Ziro

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene ndinayamba kuwerengera adada singano ya mita yawo yoyezera magetsi. Nkhaniyi ndinaisunga m'mimba zaka zonsezi, ndipo ndikanapita nayo kumanda. Koma mwezi wathawu, pamaliro ena kufupi ndi Hara, ndinamva bambo wina wa imvi zake akuuza anzake, uku akuseka, kuti kale kunali Mhango wokonza mawailesi amene ananamiza anthu zaka zambiri, kuyeza mabatire ali wosaona. Sanadziwe kuti mayi amene ankatsuka mbale kuseri kwa mpanda ndi mwana wa Mhango yemweyo. Pamaliro sitiyankhana, choncho ndinangomeza malovu. Koma makope a adada ndili nawo onse asanu ndi awiri m'sutikesi yanga yachitsulo, ndipo wofuna abwere adzawerenge yekha. Zoti zaka zambiri ndi bodza. Inali miyezi isanu, ndipo m'miyezi isanuyo muyeso wolakwika unali umodzi wokha. Wolakwitsayo ndinali ine.

Adada ankakonza mawailesi, matochi ndi mawaya a galimoto pakhonde la nyumba yathu, m'mbali mwa msewu wopita ku Chilumba. Magetsi kwathu kunalibe, chilichonse chinkadalira batire. Chida chawo chachikulu chinali mita: kabokosi kakuda, kolemera ngati theka la njerwa, kokhala ndi zingwe ziwiri, chofiira ndi chakuda, ndi chotembenuza pakati chosankhira chimene ukufuna kuyeza. Kumtunda kwake kunali nkhope yoyera yodzaza timizere ndi manambala, yotchingidwa ndi pulasitiki woonekera amene tonse tinkangoti galasi. M'katimo munali singano yopyapyala ngati tsitsi. Ukagunditsa nsonga za zingwe zija pamitu iwiri ya batire, singano inkanyamuka kuchoka kumanzere n'kukaima pa nambala ya mphamvu imene yatsala m'batiremo.

Mitayi inali ndi malamulo ambiri kuposa tchalitchi chathu. Poyeza igone chagada pamalo osapendekeka. Isasiyidwe padzuwa. Ukamaliza ntchito, tembenuzira pa nambala yaikulu kwambiri, kuti wina akaigunditsa mosasamala isapse. Ikakhala masiku osagwira ntchito, chotsa kabatire ka m'kati, kangatuluke madzi n'kudya mawaya. Powerenga, diso likhale pamwamba penipeni, mpaka singano ibise chithunzi chake m'kakalilole kopyapyala kamene kanali kumbuyo kwake. Ukaonera chammbali, uwerenga bodza. Ndipo panali lamulo lina loposa onsewa. Pansi pa galasi panali kasikuluwu kakuda, kosunthira singano kuti ikamapuma izikhala pa ziro.

"Aka ukadzakakhudza, chala chako ndidzachidula n'kuchipatsa galu," anatero adada tsiku loyamba.

Adada sanandimenyepo n'kamodzi komwe, ndipo galu tinalibe. Komabe ndinawakhulupirira.

Ng'ala inayamba diso lamanja, kenaka inalowa lamanzere. Manja awo ntchito ankaidziwa okha. Waya wothothoka ankamupeza ndi zala, chopserera ankachipeza ndi mphuno, wailesi yodwala ankaimva ndi khutu. Chimene chinawakanika ndi singano. Tinkadziwa anthu atatu: iwo, amama ndi ine. Munthu akabwera ndi batire, adada ankandiitana mokweza kuti, "Wezi, bwera udzaphunzire." Ankagoneka mita pathebulo, n'kuweramira pamenepo ngati nawonso akuyang'ana. Funso loyamba linali limodzimodzi tsiku lililonse.

"Ili pa ziro?"

"Eya, Adada."

Ndikatero ankagunditsa zingwe. "Yafika pati?"

Ndikatchula nambala ankagwedeza mutu n'kunena kuti, "Wakhoza," ngati mphunzitsi wochonga masamu. Kenaka ine ndinkalemba m'kope dzina la mwini chinthu, chimene tayeza, ndi nambalayo. Anthu ankaseka. "A Mhango, mwana wamkazi ndi magetsi? Mukufuna adzakwatiwe ndi wailesi?" Adada ankayankha kuti wailesi ndi mkamwini wabwino, chifukwa ikalongolola umaitseka. Ine ndinkanyada. Kusukulu ndinali mwana wamba, koma pakhonde paja mawu anga ndiwo ankagamula.

Linali Loweruka la mwezi wa Okutobala, nyengo imene dzuwa la kwathu limaotcha ndi mthunzi womwe. Mpweya unali wouma, fumbi la mumsewu lili pa chilichonse. Adada anali atapita kumunda wa mpunga ndi amama m'mamawa, ine atandisiyira ntchito yosesa pakhonde. Nditasesa ndinapukuta thebulo, ndinapukuta mawailesi odikira eni ake, kenaka ndinavundukula mita pansalu yake. Galasi lake linali ndi zidindo za zala. Chibadwire sindikonda kuona chinthu chothimbirira. Ndinalowa m'nyumba n'kutenga mpango wa amama wa nayiloni, wosalala uja ankavala popita ku mapemphero, poganiza kuti chinthu chaulemu chipukutidwe ndi nsalu yaulemu. Ndinakhula galasilo mwamphamvu mpaka linawala.

Nditachotsa mpango, singano inali itanyamuka yokha. Zingwe zinali zosagunda kanthu, koma iyo inaima timizere tiwiri kupitirira ziro. Ndinagogoda pambali ndi chala. Sinabwerere. Ndinadikira, ndinagogodanso, ndinapemphera. Inangogwedera pang'ono n'kuimanso pomwepo. Ndinaganiza kuti ndapha mita, ndipo mita ikafa ndiye kuti pakhonde pafa. Ndinatenga mpeni wosendera chinangwa, ndinalowetsa nsonga yake m'kamng'alu ka kasikuluwu koletsedwa kaja, n'kupotoza pang'onong'ono. Singano inatsika mwaulemu n'kugona pa ziro. Ndinakulunga mita, ndinabweza mpango, ndinabweza mpeni. Ndinadziona ngati wanzeru.

Masana adada ataweruka kumunda, kunafika uthenga wochokera kwa a Kayira, mwini chigayo cha mpunga ndi lole imodzi yokha ya m'dera lathu. Loleyo inakana kulira, matumba atakwezedwa kale. Batire yake inali yatsopano, yogulidwa ku Kyela masabata awiri apitawo. A Kayira ankati pali amene akuimasula mobisa kukabwereketsa kwa oimba gumbagumba kumowa, ndipo chala chawo chinaloza mlonda wawo, a Chisale. Bamboyu anali wa ku Dedza. Anabwera kumpoto ndi ntchito yokonza misewu, ntchito itatha anatsalira, ndipo ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa chigayo ndi mkazi wake ndi ana atatu. Kanyumbako kanali ka a Kayira. Wachibale analibe kuno, ngakhale mmodzi woti n'kumuyankhulira.

Tinafika pachigayo dzuwa likupendeka. Pankanunkha dizilo ndi mankhusu a mpunga. Amayi odikira kugaitsa anali atakhala pa matumba awo, ndipo amuna ena anasiya bawo kudzaonerera. A Kayira anayankhula Chichewa kuti woimbidwa mlandu amve.

"A Mhango, mita yanu sinama, tonse tikudziwa. Batireyi ikapezeka yodzaza, ndipepesa pamaso pa anthu onsewa. Ikapezeka yatha, bamboyu pofika Lolemba ndisamuone pamalo panga."

A Chisale anali ataima pambali pa tayala, chipewa chili m'manja. "Yezani, bambo," anatero. "Ine batire sindidziwa ndi pomasulira pomwe."

Batire inali itatsitsidwa pansi. Adada anagoneka mita pabenchi, anatembenuza chosankhira chija akuwerenga kulira kwake ndi khutu, mpaka pa makumi asanu. Pamenepo kamzere kalikonse kankaimira volti imodzi. Anandiitana monga mwa masiku onse, ine n'kugwada, n'kuika diso pamwamba.

"Ili pa ziro?"

Sinali pa ziro. Chimene chinaikoka m'mawa chinali chitachoka chokha, ndipo tsopano singano inagona kumanzere kwa ziro, mpata wa timizere tiwiri, ndendende mmene ndinaikankhira ndi mpeni. Ndinaona bwinobwino. Sindinganame kuti dzuwa linandithobwa. Ndikanena kuti ayi, adada akanafunsa chifukwa, pamaso pa a Kayira, pamaso pa amayi onse aja, ndipo ndikanayenera kutchula kasikuluwu. Ndinayang'ana chala changa.

"Eya, Adada."

Anagunditsa zingwe. Singano inakwera n'kuima.

"Yafika pati?"

"Khumi ndi theka."

Nthawi iyi sananene kuti wakhoza. "Onanso, mwana wane."

"Khumi ndi theka, Adada."

Batire ya galimoto yodzaza imaonetsa khumi ndi ziwiri ndi theka, kapena kupitirira pang'ono. Khumi ndi theka ndi batire yoyamwidwa mpaka m'mafupa. Adada anati, "Yatsika kwambiri. Koma mita siinena amene waitsitsa, a Kayira. Mwina pali waya wina amene akuba moto." A Kayira sanamve gawo lachiwirilo. Anali atatembenukira kale kwa anthu, manja ali m'mwamba, akuti mwadzionera nokha. A Chisale sanatsutse. Anangoti, "Zikomo, bambo," n'kuvala chipewa chawo, n'kuzungulira kuseri kwa chigayo.

Masamu ndinkawadziwa. Tili m'njira yobwerera, adada atagwira phewa langa monga ankachitira pamalo a miyala, ndinaphatikiza ziwiri ku khumi ndi theka. Yankho linali khumi ndi ziwiri ndi theka, batire yodzaza.

M'mawa mwake popita ku tchalitchi tinadutsa pachigayo. Mkazi wa a Chisale anali atatulutsa zonse panja. Mphasa zinali zokulungidwa, mapoto omangidwa m'chitenje, nkhuku ziwiri zomangidwa miyendo pansi pa mtengo wa mango. Mwana wawo wamkulu, wamsinkhu wanga, ankazula mitengo ya tomato imene inali itangoyamba kubereka, n'kumaiyang'ana, osadziwa kuti aitani. Amama anapereka moni, mayiyo anayankha mwaulemu wonse. M'tchalitchi sindinaimbe nyimbo ndi imodzi yomwe.

Titabwerako, amama ali kukhitchini, ndinapeza adada pakhonde akumasula tayi. Ndinagwada patali pang'ono, poti dzanja lawo silingafike.

"Adada, dzulo singano sinali pa ziro."

Anasiya tayi ili m'khosi. Ndinanena zonse, kuyambira zidindo za zala mpaka mpeni. Ndinkayembekeza mkuntho. Iwo anangofunsa funso limodzi.

"Unapukuta ndi chiyani?"

"Mpango wa amama. Wa nayiloni."

Anatulutsa kamphepo m'mphuno, ngati kuseka koma kosafika pakamwa. Anandituma kukatenga mita ndi mpango womwewo. "Khulanso," anatero. Ndinakhula, singano inanyamuka. "Tsopano ipumire mpweya wa m'kamwa, monga umachitira ndi kalilole." Ndinapumira, galasi linachita nkhungu, ndipo singano inagwa yokha. Anandifotokozera kuti nyengo youma nayiloni akakhula pulasitiki amasiyapo timagetsi tina tokoka zinthu zopepuka, monga chipeso chimanyamulira tizidutswa ta pepala ukachikhula m'tsitsi. Chinyezi chimatichotsa. Mita sinali itafa. Ndikanangoipumira, kapena kuipukuta ndi kansalu ka thonje konyowa pang'ono, zonse zikanathera pomwepo.

"Izi sindinakuuzepo," anatero. "Ndinakuuza za galu."

Kenaka anapapasa m'bokosi la zida, anatulutsa kasikuludiraiva kawo kakang'ono, n'kundipatsa. "Igoneke bwino. Diso pamwamba. Potoza iwe, ine sindikuona." Aka kanali koyamba kuwamva akutchula mawu amenewo, ngakhale m'nyumba mwathu. Ndinabweza singano pa ziro. Tinayesa ndi batire yatsopano ya tochi, inaonetsa imodzi ndi theka, monga iyenera.

"Adada, mukawauze kuti ndi ine."

"Akandifunsa kuti ine mwini mita ndinali kuyang'ana kuti?"

Adada anaimirira.

"Kulunga mita," anatero, akumanganso tayi.

Tinawapeza a Kayira pakhonde la sitolo yawo, pafupi ndi chigayo, ali ndi anzawo a bawo. Adada anapempha kuyezanso. A Kayira anadandaula kuti ndi Lamulungu, koma chidwi chinawagonjetsa, ndipo anatuma munthu kukaitana a Chisale. Ulendo uno adada sanandiitane ine. Anagwira a Kayira pamkono n'kuwaweramitsa pabenchi.

"Ikani diso pamwamba penipeni. Singano ili pa ziro?"

"Ili pomwepo."

"Werengani nokha tsopano."

A Kayira anawerenga timizere ndi chikhadabo, milomo ikugwedera. Anabwereza kachiwiri. "Khumi ndi ziwiri ndi theka," anatero monyinyirika.

Adada analowa pansi pa lole ndi malaya awo a kutchalitchi. Analondola ndi zala chingwe chachikulu chochokera ku batire mpaka pamene chimamangidwa ku chitsulo cha galimoto, ndipo pamenepo anapeza bawuti yokhwepa, yodzaza dzimbiri. Anaitanitsa sipanala ndi kachidutswa ka sandipepa. Atabweza batire, dalaivala anapotoza kiyi, ndipo lole inalira kamodzi n'kamodzi, mpaka nkhuku zomangidwa zija zinakupiza mapiko.

A Kayira sanakondwe monga munthu amene lole yake yachira. "Nanga dzulo lija, a Mhango? Mita yanu yagona n'kusintha maganizo?"

"Dzulo singano sinali pa ziro."

"Inu osaona? Munaweramira pompaja tonse tikuona."

Ndinatsegula pakamwa, koma dzanja la adada linatsika paphewa langa n'kukanikiza. Panali njira zambiri zothawira. Akanatha kunena kuti mita inagwedezeka m'njira. Akanatha kunena kuti kutentha kunaisokoneza, ndipo palibe akanatsutsa, chifukwa pamenepo panalibe wina wodziwa mita.

"Nkhuwona yayi," anatero m'Chitumbuka, akuyang'ana kumene kunali a Kayira. Kenaka anatembenukira kwa a Chisale n'kubwereza m'Chichewa. "Sindikuona, a Chisale. Miyezi isanu tsopano. Ndinakuweruzani ndi maso obwereka kwa mwana, osakuuzani. Mundikhululukire."

A Chisale anapotokola chipewa chawo m'manja.

"Ine ndinkadabwa, bambo," anatero, "kuti masiku ano mumandidziwa ndikayamba ndayankhula. Palibe mlandu. Munabwera nokha, palibe anakukokani."

A Kayira, amene analonjeza kupepesa pamaso pa anthu onse, anangoti, "Kamasuleni katundu wanu, a Chisale, mukutchinga njira ya kuchigayo." Basi. Ndinalemba mawu amenewo m'kope tsiku lomwelo, ndipo mpaka lero ndikawawerenga magazi amandiwira. Munthu anamutulutsa m'nyumba ndi ana ake pa mlandu wongopeka, n'kumubweza ngati akubweza thumba loiwalika.

Pobwerera tinadutsa mlatho wa ngalande. Pamenepo adada anaima.

"Cholakwa chako si mpango, si mpeni. Ndi eya uja. Wamva?"

"Ndamva, Adada."

"Changa n'chachikulu. Ndinakusenzetsa maso anga, n'kukuopseza mpaka eya anakhala wopepuka kuposa ayi. Munthu amene ukudalira maso ake sumuopseza."

Nkhani inayenda msanga kuposa lole. Pasanathe mwezi, mawailesi anayamba kudutsa khonde lathu ali pa njinga, kupita kwa wokonza wina ku Chilumba. Ena ankabwera kudzafunsa ngati batire imene adada anati yatha chaka chatha inalidi itatha, ngakhale chaka chimenecho maso awo anali akuthwa kuposa a ofunsawo. Kope lachisanu ndi chiwiri linathera pakati, masamba otsala ndi oyera. Adada anabwerera kumunda, kuthandiza amama ntchito zimene manja angathe popanda maso. A Chisale ankabwerabe ndi tochi yawo imene sinali yowonongeka, n'kukhala pakhonde ola lathunthu akucheza. Patapita zaka diso limodzi linachitidwa opaleshoni n'kuonanso, koma nthawiyo n'kuti kutabwera achinyamata ena ndi zida zawo, ndipo dzina la Mhango litasanduka nthabwala ya osadziwa.

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki mpaka kupuma, ndipo achinyamata ambiri anadutsa pansi panga. Ankanditcha wovuta, ndipo sananame. Fomu yothimbirira ndinkaibweza. Koma aliyense wa iwo akhoza kuchitira umboni kuti wobwera yekha kudzanena kuti walakwitsa ndinkamupatsa mpando. Zimenezo sindinaziphunzire ku kosi.

Zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti ntchito ya adada ndinaitha ine ndi nsonga ya mpeni. Ndinkadzuka nazo, ndinkagona nazo. Ndakalamba ndisanazindikire kuti ndinkadzikweza. Ine ndinasuntha singano basi. Lamulungu lija adada akanatha kundikhululukira pakhonde, kubweza singano mwakachetechete, n'kudya chakudya chamasana. Lolemba mlendo wa ku Dedza akanakwera basi ndi mphasa zake, ndipo palibe akanadziwa kanthu kupatula iwo ndi ine. Anali ndi ana anayi odyetsa ndi ntchito imeneyo, maso akutha. Anaika ntchito yawo mbali imodzi, kanyumba ka munthu wosakhala wachibale mbali ina, ndipo kuyeza kwake sikunawatengere nthawi yoposa yomangira tayi.

A Chisale anakalamba akulondera chigayo chomwecho, ndipo anaikidwa kuno. Mwana wawo uja wozula tomato anakwatira ku Uraha, ali ndi munda wake ndi ng'ombe zake. Adzukulu ake ndikakumana nawo pamsika amandipatsa moni m'Chitumbuka chosalala kuposa changa, ndipo sadziwa n'komwe kuti kunatsala tsiku limodzi kuti akabadwire kwina.